Acikunda: Akapolo Amene Anasanduka Amalonda

Nkhani ya lero icokera ku Katondwe, m'boma la Luangwa, limene akuluakulu alichulabe ndi dzina lace lakale la Feira. Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukuru wa kum'mawa, akatsala pang'ono kufika pa ulalo wa Luangwa, apatukira kudzanja lamanja, natsata mseu wotsika ndi mtsinjewo pafupi makilomita 90, kufikira pamene Luangwa athira m'Zambezi. Katondwe ali m'mbali mwa mseu umenewu. Ndi dziko lotentha, la mvula yocepa, la malambe ndi masau, kumene cimanga cimapserera m'munda zaka zambiri, ndipo cimene capulumuka dzuwa cimalimbanidwa ndi njobvu. Komanso ndi malo amene maiko atatu akomana: Zambia, Mozambique tsidya la Luangwa, ndi Zimbabwe tsidya la Zambezi.

Omvera ambiri a ku migodi ndi a m'matauni ndi anthu amene anasiya kwao. Ena anacoka cifukwa ca njala, ena cifukwa ca nkhondo, ena cifukwa pamudzi panalibe njira yopezera ndalama. Pakati pao alipo anyamata ndi atsikana amene usiku saona tulo, alikuganiza za tsiku limene nchito ya pa mgodi idzatha, kapena za nchito imene aifunafuna caka conse osaipeza. Funso lao ndi limodzi: kodi munthu wopanda munda, wopanda mbale pafupi, wopanda cuma ca makolo, angathe kuyamba malonda ace m'dziko la eni? Cigwa ca Luangwa cinayankha funso limeneli kale, ndipo yankho lace liri ndi mbali ziwiri, ina yokoma, ina yocititsa manyazi. Zonse ziwiri ziyenera kumveka.

Msika wa pakati pa mitsinje iwiri

Dzina lakuti Feira ndi liu la Cipwitikizi, ndipo tanthauzo lace ndi msika. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700 amalonda a ku Tete, otsogozedwa ndi munthu wa ku Goa dzina lace Pereira, anamanga malo a malonda pa Zumbo, kum'mawa kwa Luangwa, ndipo pambuyo pace msika unaolokera tsidya lino lomwe. Anali kugula golidi wocokera kum'mwera kwa Zambezi ndi minyanga ya njobvu, nalipira ndi nsaru za ku India ndi mikanda. Nsaru ndiyo inali ndalama ya masiku amenewo. Koma eni malondawo sanali kuyenda okha m'chire ai. Amene anali kusenza katundu, kupalasa ngalawa, kukambirana mitengo ndi mafumu ndi kulonda ulendo usiku anali akapolo ao.

M'mbali mwa Zambezi, kuyambira ku Tete kutsikira ku Sena, munali maiko aakuru amene mfumu ya ku Portugal inagawira anthu ace, ndipo dziko lotere linali kuchedwa prazo. Mwini prazo ali yense anali ndi gulu la akapolo amuna onyamula zida, ndipo amenewa ndiwo Acikunda. Dzinali licokera ku liu lakuti kukunda, ndiko kunena kugonjetsa. Poyamba sanali mtundu umodzi. Ena anabadwa Acewa, ena Amang'anja, Ansenga, Asena kapena Atonga. Ambiri anagwidwa pa nkhondo ali ana, ena anagulitsidwa pa mlandu, ndipo ena anadzipereka okha kwa mwini prazo pa nthawi ya njala kuti asafe.

Nchito yao inali kukhometsa msonkho, kulonda malire a prazo, kupha njobvu, ndi kupita ndi malonda a mbuye wao maulendo a miyezi yambiri. Anali kukhala m'magulu ochedwa butaka, ndipo mkuru wa gulu anali kuchedwa mukazambo. Popeza anali a zinenero zosiyana, m'kupita kwa zaka anadzakhala ndi cinenero cao cao, cimene cifanana ndi Cinyungwe ca ku Tete. Anadzitema mphini zao pankhope, nakhala ndi malonje ao a cisilikari. Motero ana amasiye a mitundu yambiri, amene anaiwala mfunda zao ndi manda a makolo ao, anadzipangira mtundu watsopano.

Pamene nyumba ya mbuye inagwa

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 mtengo wa akapolo unakwera pa dooko la Quelimane, pakuti ku Brazil anali kufuna anthu ambiri olima m'minda. Eni maprazo, poona phindu lofulumira, anayamba kugulitsa alimi a m'maiko ao omwe, ndipo ena anafikira pogulitsa ndi Acikunda amene anali kuwalonda. M'zaka za m'ma 1820 kunagwa cirala ca zaka zingapo zotsatana, pamodzi ndi dzombe, kotero kuti anthu anafa ambiri ndi midzi inapasuka. Pambuyo pa njala kunadza nkhondo za anthu ocokera kum'mwera. Mu Novembala 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, tsiku limene kunagwa kadamsana, ndipo caka cotsatira, 1836, Apwitikizi anausiya msika wa Zumbo. Pamene David Livingstone anapita pamenepo mu Januwale 1856 anapeza mabwinja okha a nyumba za miyala, ndi belu losweka pa bwinja la chalichi.

Maprazo ambiri anagwa, ndipo zikwi za Acikunda zinatsala zopanda mbuye. Boma la Portugal linalamula mu 1858 kuti ukapolo uthe m'maiko ace pakapita zaka 20, koma ambiri anali atadzimasula kale ndi miyendo yao. Ufulu umenewu unali wowawa. Mnyamata wa Cikunda analibe mudzi wobwererako, pakuti anacotsedwa kwao asanadziwe dzina la agogo ace. Analibe munda, ndipo khasu sanalizolowere. Kumene anali kufika eni dziko anali kumuopa, pokumbukira kuti dzulo lomwe anali wokhometsa msonkho. Ena anasanduka acifwamba, ena anakagwira mwendo kwa mafumu. Koma ambiri anakwera ndi Zambezi kunka kumene njobvu zinali zikali zambiri, nafika ku dziko la Mfumu Mburuma, pamene Luangwa akomana ndi Zambezi.

Cuma cimene cinali m'manja ndi m'mutu

Anyamata amenewa anafika opanda kanthu, koma zaka za ukapolo zinawasiyira zinthu zimene mbuye sanathe kuwalanda. Anali kudziwa mtsinje: pamene pali mcenga, pamene pali mwala wobisika, pamene mvuu zigona. Anali kudziwa njobvu ndi mayendedwe ace. Anali kumva zinenero zingapo, ndi Cipwitikizi comwe. Ndipo koposa zonse anali kudziwa mitengo, kuti mnyanga umene kumudzi ugulidwa ndi nsaru zowerengeka, ku Tete uli ndi mtengo wina. Munthu wodziwa mitengo ya misika iwiri ali kale ndi theka la malonda.

Ena anayamba ndi bwato. Pamene Apwitikizi anabwerera ku Zumbo mu 1862, katundu yense wa pakati pa Tete ndi Zumbo anali kuyenda pa madzi, ndipo amalonda sakadatha kanthu popanda opalasa. Pakati pa njirayo panali mathithi a Kebrabasa, amene anabweza sitima ya Livingstone mu 1858. Pamenepo katundu anali kutsitsidwa, nasenzedwa pamutu masiku angapo m'miyala yotentha, kufikira madzi abwino. Nchito imene kale anali kuicita mwaukapolo tsopano anaiikira mtengo. Anali kupangana malipiro ulendo usanayambe, ndipo wamalonda wa dzanja louma anali kusowa omnyamulira. Wopalasa wanzeru sanali kubvala nsaru zonse za malipiro ace. Zina anali kuzisunga, nagula nazo kanthu kakang'ono kumtunda kuti akagulitse kunsi, ndipo m'bwato la mwini munali kuyendanso kamtolo ka wopalasa.

Ena anayamba ndi mfuti. Ku Ulaya ndi ku America anali kufuna minyanga yopangira zipini za mipeni, timipira ta masewera ndi mano a piyano, ndi ku India makoza a akazi. Amalonda a ku Tete ndi a ku Zumbo anali kukongoza alenje mfuti za gogodera, onga ndi nsaru, kuti adzabweze ndi minyanga. Gulu la alenje linali ndi mkuru wace wochedwa nkumbalume, amene anali kusunga mankhwala ndi miyambo ya uzimba, ndi kuphunzitsa anyamata. Mnyamata anali kuyamba monga wonyamula onga ndi madzi, napita zaka asanaloledwe kuombera. Inali nchito ya imfa, pakuti mfuti zimenezo zinali kucedwa kuthira, ndipo njobvu yolasidwa siidikira munthu.

Cimene cinawakhazika m'dzikomo ndi ulemu umene anzeru a mwa iwo anacitira eni nthaka. Asanalowe m'chire anali kuyamba aonekera kwa mfumu ndi mphatso. Njobvu ikagwa, mnyanga umene wakhudza pansi unali wa mfumu ya dziko, ndipo mlenje anali kutenga wa pamwamba. Nyama anali kugawira midzi, imene kawiri kawiri inali ndi njala, ndi imene njobvu zomwezo zinali kuiwonongera minda. Pambuyo pace anakwatira ana akazi a eni dziko, napatsidwa malo, namanga midzi. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kakondweretsa pokha pokha mlendoyo akameta nako eni mudzi. Lero m'boma la Luangwa muli mafumu awiri, Mfumu Yaikuru Mburuma ndi Mfumu Mphuka, ndipo Mphuka ndiye mfumu ya Acikunda. Adzukulu a anthu opanda kwao ali ndi dziko, ufumu ndi cinenero.

Njira ya Kanyemba ndi Matakenya

Mbali yaciwiri ya nkhaniyi siiyenera kubisika. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 kunabuka anthu amphamvu amene anasonkhanitsa Acikunda ambirimbiri, nawapatsa mfuti, namanga malinga. Ochuka a mwa iwo anali José do Rosário Andrade, amene anthu anamucha Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, wochedwa Matakenya. Boma la Apwitikizi linawapatsa maudindo, koma iwo anali kulamula monga mafumu pa okha. Dzina la Kanyemba likalipo kufikira lero pa malo a tsidya la Zimbabwe, pafupi ndi Feira.

Anthu awa anaona kuti mnyanga ufuna munthu wousenza, ndi kuti wosenzayo akafika naye kumene apita angathe kugulitsidwa iye yemwe. Tsono anayamba kuthira nkhondo midzi ya Ansenga, Alala ndi Atonga, natentha nkhokwe, nagwira akazi ndi ana. Cinthu comvetsa cisoni ndi ici, kuti ambiri a onyamula mfuti zao anali ana a akapolo, odziwa bwino kuwawa kwa goli. Amene anacotsedwa kwao anasanduka ocotsa anzao kwao.

Cuma ca njira imeneyi cinali cacikuru, ndipo cinadza msanga, koma sicinakhalitse. Midzi itapasuka panalibenso wolima cakudya ca alenje, panalibe wogula nsaru, ndipo anthu otsala anathawira kumapiri. Wamalonda amene awononga anthu omgula watema nthambi imene wakhalapo. 

Njobvu zitatha

Ngakhale alenje oona mtima anagwa m'bvuto lina. Malonda ao onse anatsamira pa cinthu cimodzi, ndipo cinthuco cinali kutha. Caka ndi caka njobvu zinali kucepa, ndipo maulendo anali kutalika. Mu 1891 Britain ndi Portugal anapangana malire, ndipo Luangwa wakunsi, umene unali mseu wa malonda, unasanduka mpanda pakati pa maboma awiri. Kampani ya British South Africa inamanga boma pa Feira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, niika msonkho wa nyumba ndi malamulo a mfuti ndi a nyama. Njanji yocokera ku Beira inafika ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, mu 1899, ndipo yocokera kum'mwera inafika ku Broken Hill, ndiye Kabwe, mu 1906. Katundu amene anali kukwera ndi mabwato anayamba kuyenda pa sitima.

Ana a alenje ndi a opalasa anatenga mphasa ndi kamba, nanka kukagwira nchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia. Kwa zaka zambiri dooko la Feira linali kuolotsa anthu a ku Fort Jameson ndi a ku Nyasaland oyenda pansi kunka ku Salisbury, ndipo eni mabwato ndi akazi ogulitsa ufa ndi nsomba anapezerapo kangacepe. Koma m'zaka za m'ma 1930 mseu waukuru wa kum'mawa unapatsidwa ulalo kumtunda kwa mtsinje, ndipo apaulendo odzera ku Feira anayamba kucepa. Msika wakale unangoti zii. Pamenepo panaoneka kuti malonda atsata njira, ndipo njira ikasuntha wamalonda ayenera kusuntha nayo kapena kupeza cina cogulitsa.

Othawa ena

Katondwe yemwe anamangidwa ndi anthu opitikitsidwa. Mu Okutobala 1910 ufumu wa ku Portugal unagwetsedwa, ndipo boma latsopano linalamula kuti ansembe a Cijezuiti acoke m'maiko ace onse. Amene anali pa mishoni ya Miruru, pafupi ndi Zumbo, anasiya nyumba zimene anamanga, naoloka Luangwa, nayamba ca tsopano pa Kapoche ndi pa Katondwe m'zaka za 1911 ndi 1912. Pambuyo pace nchitoyo inapatsidwa kwa Ajezuiti a ku Poland. Lero pa Katondwe pali cipatala ca mishoni cimene cilandira odwala a m'boma lonse ndi a tsidya lomwe, ndipo cidziwika pa kupulumutsa asodzi olumidwa ndi ng'ona ndi mvuu.

Nkhondo za masiku a pambuyo pace sizinalilambalale dzikoli. Mu 1978 asilikari a Rhodesia anaphulitsa mabomba pa Kavalamanja, m'boma lomweli, ndipo anthu anathawa m'midzi yao. Nkhondo ya pa ciweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 kufikira 1992, inatulutsa anthu ambiri a m'cigawo ca Tete. Oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi, ndipo ena anaolokera ku Zambia. Mu 1987 boma linatsegula malo a othawa nkhondo pa Ukwimi, kudera la Petauke, kumene anthu oposa 20,000 anakhala. Banja liri lonse linapatsidwa munda, ndipo pasanapite zaka zambiri anali kudzidyetsa okha, nagulitsa cimanga cotsala. Mtendere utapanganidwa ku Rome mu 1992, ambiri anabwerera kwao mu 1994. Anabwerera odziwa Cinyanja, odziwa ndalama za maiko awiri, ndi okhala ndi abwenzi tsidya lino. Zimenezi ndizo zida zomwe zija zimene Acikunda anayamba nazo.

Nsomba m'malo mwa minyanga

Mu 1974 Zambezi anatsekedwa pa Cahora Bassa, ndipo mathithi aja amene anali kulemetsa amtengatenga anamira pansi pa nyanja yaikuru, imene mutu wace ufika kufupi ndi Zumbo. Nyanja imeneyi ndiyo inautsanso dooko la Feira. Nsomba zouma, zowamba ndi za mcere, zimene ambiri azicha Chicoa potsata dzina la malo a m'mbali mwa nyanjayo, zikwera ndi mabwato kufika ku Zumbo, zioloka Luangwa, ndipo zikwezedwa pa magalimoto. Zipita pa Katondwe kunka ku msika wa Soweto ku Lusaka, ku Chisokone ku Kitwe, ndi ku Kasumbalesa pa malire a Congo. Mai wa ku Wusakile kapena wa ku Kantanshi amene agula nsomba ya mcere madzulo sadziwa kuti yadzera njira ya minyanga.

Ambiri a ocita malonda amenewa ndi anyamata ndi akazi, ndipo ambiri sali eni dziko. Mayambidwe ao afanana ndi a opalasa akale. Mnyamata ayamba ndi kusenza mitolo ya eni pa dooko, kapena kupalasa bwato la wina. Pa nchito imeneyo aphunzira kusiyanitsa nsomba youma bwino ndi yofumbwa, adziwa msodzi wokhulupirika ndi woyendetsa galimoto wosanama. Akasunga ndalama pang'ono agula kamtolo kace, nakapacika pamwamba pa katundu wa bwana wace. Ena amene alibe mphamvu ya pa madzi aluka mphasa za bango ndi madengu a mlaza, kapena atola masau m'nyengo ya cisanu, nakagulitsa pa msika wa pa ulalo wa Luangwa, pamene mabasi a ku Chipata aima.

Mabvuto alipo, ndipo sali ang'ono. Walira mvula walira matope. Ng'ona ndi mvuu zitenga anthu caka ndi caka. Nsomba yosauma bwino iola panjira, ndipo mtolo wonse utayika. M'Zambia muli lamulo loletsa kusodza m'madzi ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, ndipo wonyamula nsomba m'miyezi imeneyo wopanda makalata oonetsa kumene zacokera angathe kulandidwa zonse. Ndipo bvuto la alenje liri pafupi kubwera kaciwiri, pakuti ogwiritsa maukonde a maso ang'ono akokolola ndi tiana tomwe. Nsomba zingathe kutha monga njobvu zinathera.

Zimene wa ku mgodi angatolepo

Coyamba, mpamba woyamba wa mlendo ndi cimene adziwa. Wogwira nchito pa mgodi adziwa kuocerera zitsulo, kukonza magetsi, kupala matabwa kapena kuyendetsa makina. Adziwanso mitengo ya m'tauni ndi ya kumudzi. Ayenera kufunsa mumtima mwace kuti pa zimene adziwazo nciti cimene anthu angalipire, ndipo ayambe kuciyesa pang'ono akali pa nchito, monga wopalasa anali kuyendetsa kamtolo kace m'bwato la mwini, koma poyera ndi mosaba nthawi kapena zipangizo za kampani.

Caciwiri, phindu liwerengedwe moona. Mwacitsanzo, munthu wagula nsomba ndi K1,000, nazigulitsa K1,600. Mtima umuuza kuti wapindula K600. Koma galimoto inadya K200, msonkho wa pa msika K50, cakudya ndi pogona K100. Phindu lace ndi K250 yokha, ndipo akadya K600 wadya mpamba wace osadziwa. Malonda ang'ono ambiri afa imfa imeneyi. Kabuku kolembamo zolowa ndi zotuluka ndi kofunika koposa cikwangwani ca pa khomo la sitolo.

Cacitatu, ngongole ndi mfuti ya mwini. Mlenje amene anatenga onga pa ngongole, nabwerako wopanda mnyanga, anali kugwira nchito caka cina conse kulipira za caka catha, ndipo ena anabwerera m'ukapolo ndi njira imeneyi. Kaloba wa m'komboni acita cimodzimodzi. Cilimba ca anthu odziwana ndi okhulupirirana cicedwa, koma sicimanga munthu m'khosi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Ndipo wamalonda aphunzire kukana mwaulemu mbale wofuna kutenga katundu pa ngongole, pakuti sitolo ikagwa mbale yemweyo adzasowa pomdandaulira.

Cacinai, mnyanga wa pansi uperekedwe. Masiku ano mfumu ya nthaka ndi khonsolo, ofesi ya msonkho ndi ya malire, ndi lamulo la dziko. Cilolezo ca malonda, makalata a pa malire, ndi kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA zioneka monga kutaya ndalama, koma mlendo wopanda makalata alibe ponenera mlandu tsiku limene katundu wace walandidwa. Ndipo kuonjezera pa lamulo pali ulemu kwa anansi. Mlendo amene alemba nchito mwana wa eni dziko, napita ku maliro ao, nalankhula cinenero cao, ali ndi mpanda woposa wa waya.

Cotsiriza ndi cimene Kanyemba ndi Matakenya sanacimve. Njira yao ikalipo, yangosintha zobvala. Ilipo pamene munthu anyenga ana a kumudzi ndi malonjezo a nchito ku Lusaka kapena ku Johannesburg, nawagwiritsa nchito popanda malipiro. Ilipo pamene wogula nsomba apezerera mkazi wosauka pa dooko, pamene sikelo yakonzedwa kuti iname, pamene mnyamata wosenza katundu tsiku lonse alipidwa nsima yokha. Munthu amene anazunzika m'dziko la eni ayesedwa koposa pa tsiku limene iye alemba wina nchito. Pamenepo mpamene padziwika ngati mabvuto ace anamphunzitsa cifundo kapena anangomphunzitsa njira yozunzira.

Mseu wa ku Feira tsopano uli ndi phula, ndipo magalimoto a nsomba apita pa Katondwe usana ndi usiku. Pamwamba pa mitolo pakhala anyamata a zinenero zambiri, ena a iwo ocokera kutali ndi opanda powatsamira. Njira ziwiri zija ziri patsogolo pao monga zinali patsogolo pa Acikunda zaka 150 zapitazo, ndipo ziri patsogolo pa ali yense wa ku migodi ndi m'matauni amene alikuganiza zoyamba malonda ace. Nkhani ya lero yathera pamenepa.